Tsiku Limene Ndinawakaniza Amalume Ndalama Zawo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayamba kukanira munthu wamkulu pamaso, ndipo amene anandituma kutero anali mwiniwakeyo. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasalande. Tinkakhala pakomboni ya pulazi ya fodya pafupi ndi Mvurwi, ku Rhodesia, kumene azungu masiku amenewo ankakutchula kuti Umvukwes.

Amalume Filipo, mlongo wawo wa amayi, ankasonkhezera moto m'nyumba zoumitsira fodya. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo chaka chilichonse ankati fodya akagulitsidwa apita kwawo. Koma ndalama sizinkagona m'thumba mwawo. Lero chipewa, mawa nsapato zonyezimira, ulendo n'kufera pomwepo. Anthu anali atayamba kuwanena kuti ndi mtchona.

Chaka chimenecho munthu wina wochokera kumudzi anabwera ndi uthenga woti agogo sakudzukanso pamphasa. Amalume atalandira malipiro, anabwera nawo kwa amayi onse athunthu. Amayi sakanatha kuchoka pantchito yosankha fodya, choncho anakulunga ndalamazo m'kansalu n'kundimangirira m'chiuno, mkati mwa diresi. Anati ndiwaperekeze amalume kokwerera basi, ndipo ndalamazo ndikapatse a Mbewe okha, mkulu wa mpingo wa papulazi ina, amene nawonso ankapita ku Nyasalande.

Tisananyamuke, amalume ananjuta n'kundiyang'ana m'maso. "Rute, ine ndimadzidziwa. Ndikakupempha, ukane. Ndikakalipa, ukanebe."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Basi kunalibe, a Mbewe nawonso osaoneka. Tinakhala pakhonde la sitolo, pamene pankanunkha palafini ndi nsomba zouma. Kenaka mkatimo munalira wailesi. Amalume anadzuka ngati aitanidwa dzina, n'kulowa m'sitolomo.

Inali wailesi yobulungira, yabuluu, yokhala ndi batire lalikulu pambali. Wogulitsa ataona nkhope ya amalume, anakweza mawu ake. "Tengai, sekuru," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti gulani, achikulire. "Yatsala imodzi yokha."

Amalume anatuluka akumwetulira. "Rute, tamasula kansalu kaja. Zotsalazo zikwana ulendo."

Ndinadziwa kuti sizikwana, ndipo iwonso ankadziwa. Ndinapukusa mutu.

Anakhala pafupi nane n'kuyamba kulankhula motsitsa. Anati munthu amene wakhala kunja zaka zonsezi sangalowe m'mudzi chimanjamanja. Anati anzawo amene anatsala akulima chimanga adzawaseka, ndipo agogo angasangalale kumva nyimbo ali chigonere. Mawu amenewa anandilowa. Dzanja langa linafika pamfundo ya kansalu, koma ndinalibweza.

Pamenepo nkhope yawo inasintha. "Kodi ndalamazo unazivutikira ndiwe? Utsi wa fodya unkalowa m'chifuwa chako?" Anakuwa mpaka amayi ena ogulitsa mtedza anatembenuka. Anandigwira mkono mwamphamvu n'kundiimiritsa. Kwathu mwana sankayankha malume ake, ndipo ndinkadziwa kuti akandimenya palibe amene angawaletse. Komabe sakanatha kupisa dzanja m'diresi ya mwana wa mlongo wawo pamaso pa anthu. Apo ndi pamene ndinazindikira nzeru ya amayi.

"Munandiuza nokha, amalume," ndinatero ndikulira. "Munati ndikanebe."

Anakweza dzanja. Ndinatsinzina, kudikira khofi. Silinabwere. Nditatsegula maso, anali atapita kukaima pansi pa mtengo wa bulugamu kutsidya kwa msewu, atandifulatira. Wailesi inkalirabe. Ndinakhala ndekha pakhondepo nditakumbatira mimba, ndikuopa kuti abweranso, ndikuopanso kuti a Mbewe safika n'komwe.

A Mbewe anafika basi itayamba kale kuoneka fumbi, thukuta lili kamukamu, sutikesi ili pamutu. Ndinathamangira kuseri kwa sitolo, ndinamasula kansalu kaja n'kukawapatsa ndi manja awiri. Amalume anakwera osanditsanzika. Sanayang'ane ngakhale pawindo. Ndinabwerera kukomboni ndikukhulupirira kuti adana nane mpaka kalekale.

A Mbewe atabwerako anatiuza kuti amalume anawapeza agogo ali moyo, ndipo anawadwazika mpaka kuwaika m'manda. Ku Rhodesia sanabwererenso, ndipo ine sindinawaonenso.

Ndinakula ndikuganiza kuti amalume anali munthu wofooka. Lero ndakalamba, ndagwirapo ndalama zanga, ndipo ndaimapo m'sitolo mtima ukuthamanga chifukwa cha chinthu chimene dzulo lake sindinkachidziwa n'komwe. Ndikuona tsopano kuti iwo anachita chimene ambiri timalephera: anavomereza kuti chilakolako chimawaposa mphamvu, n'kudzitchingira mutu ukadali wozizira. N'chifukwa chake ndikalandira ndalama ndimayamba ndazigawa ndili kunyumba, ndipo kumsika ndimatenga zokhazo zimene ndapitira. Sindidzikhulupirira kuposa mmene amalume ankadzikhulupirira.