Malangizo a Bambo Chikoleka, Wosoka Jombo

Aliyense amene anaphunzirapo za uphunzitsi pa koleji ya Kaphiridzinja, kumapiri a pakati pa Mponela ndi Ntchisi, amawadziwa bambo Aroni Chikoleka. Dzina la mkulu wa koleji wa nthawi yake akhoza kuliiwala, koma sangaiwale bambo wamfupi wadazi wokhala pa kampando pansi pa mkuyu wa pageti, ulusi uli kukamwa, nsapato ya mwini ili pabondo.

A Chikoleka anabadwira kwa Kasakula m'chaka cha 1963, mwana wachinayi m'banja la alimi a fodya. Sukulu analekezera Sitandade 6. Timu ya sukulu anaisewerera kamodzi kokha, tsiku limene anyamata awiri anadwala chikuku, ndipo tsiku lomwelo anamwetsa chigoli. Nkhaniyi amaikamba mpaka lero, koma amailekeza pomwepo. Amene amaimalizitsa ndi anzawo akale a kwa Kasakula: chigolicho chinalowa ku golo la timu yawo yomwe.

Atakula anakagwira utenanti ku esiteti ina ku Kasungu. Anakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi mkazi wabwino, mayi Faines. Poona kuti fumbi la fodya liwapha, atsibweni awo a pa Mponela anawaphunzitsa kusoka nsapato. Koleji ija itatsegulidwa mu 1998, a Chikoleka anaona kuti pamene pasonkhana achinyamata mazana anayi oyenda pansi, pamenepo nsapato sizingalephere kung'ambika. Anamanga kampando panjinga, n'kukakhazikika pansi pa mkuyu.

Loweruka masana sankasoka. Ankavala jekete, n'kukaima m'mbali mwa bwalo la mpira, pafupi kwenikweni ndi mphunzitsi wa timu, ngati kuti awaitana. Pokhala mkulu wa mpingo sankatukwana. Ukali wawo unkachokera m'Baibulo. Wotchinga kumbuyo akachedwa kutembenuka, ankamukuwira kuti, "Iwe mkazi wa Loti, wasanduka mchere kodi?" Ndipo Lolemba lililonse, aliyense wobwera ndi nsapato ankalandira ulaliki womwewo.

"Timu iyi kuti idzatenge chikho cha makoleji a dziko lonse, ikufunika zinthu zitatu," ankatero, atatukula zala.

Vuto linali lakuti zitatuzo sizinkakhazikika. Chaka china zinali goloboyi wamtali, pemphero, ndi kuchepetsa nyemba Lachisanu. Chaka chotsatira zinali kumeta tsitsi bwino, kuleka kuonera mpira wa ku Ulaya, ndi kutembenuza bwalo kuti lisapenye kumadzulo. Aphunzitsi a zamasewera asanu ndi mmodzi anadutsa pakolejipo, ndipo onse ankayankha chimodzimodzi: "Tamva madala, zikomo kwambiri." Akatero ankapita n'kuiwala. A Chikoleka sizinkawadandaulitsa. Timu ikagonja ankapukusa mutu mokhutira, n'kunena kuti, "Ine ndinanena."

Mu Januwale 2022 kunabwera mphunzitsi watsopano wa zamasewera, mayi Wezzie Mhango a ku Rumphi, ochepa thupi, olankhula motsitsa mawu. A Chikoleka atamva kuti timu ya anyamata yapatsidwa kwa munthu wamayi, anakauza akazi awo kuti, "Mayi a Luckness, chaka chino bwalo lija angodzalamo mbatata."

Patatha sabata ziwiri, mayi Mhango anafika pansi pa mkuyu atanyamula thumba lodzaza jombo za mpira.

"Bambo Chikoleka, ndamva kuti jombo za timu mumasoka ndinu. Zina mwa izi zingachirebe?"

A Chikoleka anakhuthula thumba lija, n'kuyamba kutola imodziimodzi, akudandaula monga mwa chizolowezi chawo.

"Taonani iyi, amayi. Ndi ya Chikhumbo, womwetsa zigoli wanu uja. Kachitatu tsopano ikuphulikira pa chala chaching'ono. Jomboyi ndi sayizi 7, phazi la mwini wake ndi 9. Anamutumizira mkulu wake wa ku Joni, ndiye sangaisiye chifukwa ndi yofiira, atsikana amaionera patali. N'chifukwa chake chigawo chachiwiri amayenda ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto."

Anatola ina. "Iyi ndi ya Benjamini, wotchinga kumbuyo. Chidendene cha kumanja chadyekera mbali imodzi. Chaka chatha sichinali chonchi. Mnyamatayu bondo likumupweteka, akubisa kuti asachotsedwe. Nanga izi za Dave, goloboyi wanu? Ya kumanja yatha, ya kumanzere ili ngati yangochoka m'sitolo. Mwendo wa kumanzere amangoyendera basi."

Atadzutsa mutu anaona chinthu chimene sanachionepo pa zaka makumi awiri ndi zinayi. Mayi uja anali atatulutsa kabuku, akulemba.

"Mukulemba chiyani, amayi?"

"Zimene mukunenazo. Pitirizani, bambo, ndikumva."

A Chikoleka anabwezera jombo m'thumba. Jombo zotsalazo anangoti aziona mawa.

Tsiku limenelo anaweruka dzuwa likadalipo. Mayi Faines anawapeza atakhala pakhonde, manja ali m'masaya.

"Kwagwanji, bambo a Luckness? Mwadwala?"

"Mayi uja walemba zonse zimene ndanena."

"Nanga si zimene mwakhala mukufuna?"

"Ine ndimangolankhula, mayi. Nanga akakazichita, zinthu n'kulakwika, anthu aloza ndani?"

Mayi Faines anaseka mpaka kugwira chitseko. "Zaka zonsezi mwakhala mukuponya miyala m'tchire. Lero mwagenda munthu."

Mayi Mhango anachitadi zonse. Chikhumbo anamulanda jombo zofiira n'kumupatsa zakuda za sayizi 9, ndipo mnyamatayo anatha sabata ziwiri osapereka moni pageti. Benjamini anamutumiza kuchipatala, kumene anapeza kuti bondo latupadi mkati, n'kumuuza kuti apume miyezi isanu. Dave ankamenyetsa mpira kukhoma la laibulale ndi mwendo wa kumanzere mpaka woyang'anira mabuku anakadandaula ku ofesi. Mayiwo anawonjezanso zawo. Mbandakucha uliwonse timu inkathamanga kukwera phiri la kuseri kwa koleji. Wolephera mayeso a m'kalasi sankasewera, ngakhale akhale katswiri wotani. Ndipo anyamata a pabenchi ankawaphunzitsa mofanana ndi oyamba, ati chikho sachitenga anthu khumi ndi mmodzi okha.

Mpikisano unayamba mu Juni. Masewero oyamba, Benjamini kulibe, Kaphiridzinja inagonja ndi zigoli ziwiri kwa duu, pakhomo pomwe. Mbiri inali itawanda kale kuti wachotsetsa Benjamini ndi wosoka nsapato. Lolemba pansi pa mkuyu panalibe munthu, Lachiwiri chimodzimodzi. Ofunsa anauzidwa kuti a Chikoleka apita kukapalira kumunda, ngakhale kuti dziko lonse linali litakolola kale. Lachitatu mayi Mhango anawalondola kunyumba.

"Bambo, jombo zikudikira. Kugonja kamodzi si maliro."

"Amayi, kabuku kaja mungong'amba. Ine ndi munthu wa Sitandade 6."

"Dokotala wa digiri wapeza zomwe munapeza inu. Tiyeni kuntchito."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuyenda. Chikhumbo, mapazi atapeza mpweya, anayamba kuthamanga mpaka wezulo yomaliza, ndipo anamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri m'masewero anayi. Benjamini anabwerera ali ngati khoma. Matimu obwera kuchokera kuchigwa ankatha mpweya chigawo chachiwiri, anyamata a kuphiri akungoyamba kumene kutuluka thukuta. Pofika Ogasiti, Kaphiridzinja inali itatsogola m'chigawo chonse chapakati.

Apa ndiye mutu wa a Chikoleka unayamba kukula. Anagula kapu ndi wezulo pa Mponela. Ophunzira akabwera ndi nsapato ankadikira kaye kuti amalize kujambula mizere pansi ndi chala, kufotokoza mmene "ife a benchi" takonzera masewero a Loweruka. Tsiku lina anaimitsa mayi Mhango pageti.

"Amayi, ndalingalira. Dave ndi wamtali, ndipo tsopano akumenya miyendo yonse. Tikumuwononga pagolo. Apite kutsogolo, pagolo tiikepo Chikhumbo, adani asokonezeke."

Mayi Mhango anayankha kuti, "Chabwino. Lachitatu tili ndi masewero opimana mphamvu ndi anyamata a kabaza a kwa Malomo. Timuyo muiyendetse ndinu."

Osokonezeka anali eni ake. Dave ankaiwala n'kugwira mpira ndi manja pakati pa bwalo. Chikhumbo ankathawa mpira ukamabwera mwamphamvu, kuteteza nkhope. Akabaza anamwetsa zinayi, n'kubwerera kwawo akuliza mabelu a njinga njira yonse. Anthu atabalalika, mayi Mhango anayandikira a Chikoleka, amene anali atavula kapu n'kuipinda m'thumba la jekete.

"Bambo Chikoleka, tigawane ntchito. Za m'mapazi ndizikumverani, ndipo palibe wokuposani. Zoyambira m'mawondo kupita kumtunda mundisiyire ine."

"Bondo la Benjamini ndinalipeza ndine," anatero a Chikoleka motsitsa mawu.

"Chabwino, mawondo tigawana."

Ndime yomaliza inachitikira ku Lilongwe mu Okutobala, ndipo Kaphiridzinja inakumana ndi koleji ina yaikulu ya kummwera, yokhala ndi basi yakeyake ndi dokotala wa timu. Mayi Mhango anaumirira kwa akuluakulu kuti pa mndandanda wa opita alembepo wosoka jombo. A Chikoleka anakwera minibasi ya koleji atavala suti ya kutchalitchi, bokosi la zida lili pamiyendo. Mayi Faines anawapatsira mtedza wokazinga ndi chenjezo limodzi: "Kumeneko kuli anthu ophunzira. Za mkazi wa Loti mukazisiye pa Mponela."

Dzuwa linali loswa mtengo. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli, ngakhale Dave anachita kuuluka kawiri kuti zikhale choncho. Chigawo chachiwiri chili mkati, patatsala mphindi khumi ndi zisanu, jombo ya kumanja ya Chikhumbo inayasamula kutsogolo ngati mlamba. Mnyamatayo anatsimphinira kumbali, n'kuivula. Ina ya sayizi 9 panalibe.

"Mphindi zingati, bambo?" anafunsa mayi Mhango.

"Zitatu."

"Ndikupatsani ziwiri. Sindimusintha."

A Chikoleka anakhala pabokosi lawo, n'kufulatira bwalo kuti dzuwa lisawathobwe m'maso. Anapaka ulusi phula, n'kuyamba kusoka.  Kumbuyo kwawo anyamata khumi otsalawo anapeza kona. Mpira unabwera mokhota, n'kudutsa mitu ya anthu onse, n'kumenya Benjamini pankhongo iye akuyang'ana kwina, n'kugwera mu ukonde.

Bwalo linaphulika. A pabenchi onse anathamangira mkati, Chikhumbo nawo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. A Chikoleka anadzibaya chala ndi zingano chifukwa cha phokosolo, koma sanacheuke. Msoko unali utatsala pang'ono, ndipo chiyambire ntchitoyi sanaperekepo nsapato yosamaliza. Atamanga mfundo n'kudula ulusi ndi mano, anatembenuka jombo ili m'manja, n'kupeza benchi ili mbee.

"Kodi chachitika n'chiyani?" a Chikoleka anamufunsa wapolisi amene anaima pafupi.

"Mwamwetsa, madala! Simunaone?"

Chikhumbo anavala jombo ija n'kumaliza nayo masewero. Sinang'ambikenso, ndipo chigoli chinakhala chomwecho chimodzi. Potenga chithunzi cha chikho, anyamata anawanyamula a Chikoleka m'mwamba, iwo akukuwa kuti awatsitse, suti ndi ya Mgonero.

Kumudzi a Chikoleka anachifotokoza chigolicho kwa mwezi wathunthu, pansi pa mkuyu, pamsika, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero atatha. Poyamba Benjamini ankadumpha kufika m'mapewa mwa adani. Pofika sabata yachitatu ankadumpha kupitirira goloboyi, mpira n'kuulondolera ndi chipumi pa ngodya yomwe a Chikoleka anamulozera. Mayi Faines anali ataonera kale kanema wa chigolicho pafoni ya mwana wawo Luckness. M'munsi mwa kanemayo mumaoneka bwinobwino dazi la munthu wovala suti, atawerama, msana uli ku bwalo. Sanawaulule pagulu. Ankangotsokomola pang'ono nkhani ikafika podumpha, ndipo a Chikoleka ankamutsitsako Benjamini pang'ono.

Chaka chotsatira timu inatulukira mu ndime yachiwiri, chifukwa Dave, Benjamini ndi Chikhumbo anali atamaliza maphunziro n'kutumizidwa kukaphunzitsa, wina ku Nsanje, wina ku Mchinji, wina kwawo ku Dowa konkuno. Mayi Mhango akadalipo, akuumba ena. Jombo za wosewera watsopano aliyense zimayamba zagona kaye pansi pa mkuyu sabata imodzi, mwini wake asanapatsidwe nambala.

Chaka chathachi mayi Mhango anaona kuti a Chikoleka akuvutika kulowetsa ulusi pazingano, ndipo anawatengera kuchipatala cha maso. Anabwerako ndi magalasi okhuthala, atauzidwa kuti maso awo akhala akuona pafupi pokha kwa zaka zambiri, mwina kuyambira unyamata. Kwa nthawi yonseyo, munthu amene ankamudzudzula kwambiri Loweruka lililonse anali woyimbira mpira, yemwe ankamutcha Bartimeyo, wakhungu uja wa m'Baibulo. Chivalireni magalasiwo, a Chikoleka amaonera masewero ali chete, n'kumagwedeza mutu. Akuti oyimbira a masiku ano asintha kwambiri, ayamba kuona bwino.