Nkhuku zinkafa foni ili chete

Ndinkakhulupirira kuti foni ikakhala chete ndiye kuti zonse zili bwino. Inu owerenga, chete ameneyo anandithera nkhuku, n'kundidanitsa ndi alamu anga.

Ndimakhala m'tauni ya Chipata, koma khola lili kumudzi ku Kasenengwa. Ankalisamala ndi alamu angawo, akazi a malemu mkulu wanga. Nkhukuzo ndinkasungira ukwati wa mwana wanga wamkazi.

Mnzanga wina wodziwa za magetsi anandiikira kachipangizo koyendera sola m'kholamo. Posunga batire, sikankatumiza uthenga nthawi zonse ayi. Kankalankhula pokhapokha kutentha kukapitirira muyeso, ndipo ine ndikayankha pafoni mafani oziziritsa m'kholamo ankayamba kuzungulira.

Ndinayamba matama. Ndinawalanda alamu makiyi a khola pamaso pa ana awo, n'kuwauza kuti kachipangizo sikadya, sikadwala, sikapita kumaliro. Iwo anangoti, "Zikomo alamu." Chakudya ndi madzi ndinkakathira ndekha m'mawa panjinga yamoto.

Tsiku lina mu Okutobala dzuwa linaswa mtengo, koma foni sinalire. Ndinkagawa makhadi a ukwati mtima uli m'malo, osadziwa kuti kumudzi netiweki yagwa.

M'mawa mwake fungo linandichingamira ndisanatsike panjinga. Nkhuku zinali zitaunjikana kuchitseko, kukamwa kuli yasa, zonse zakufa. Dzulo lake alamu anazimva zikuphupha masana onse. Anayesa kundiimbira, foni yosadutsa. Loko sanaikhudze.

Ndinawakalipira chifukwa chosathyola chitseko. Sanadzutse n'komwe mutu pa mtedza umene ankasenda.

"Alamu, ine ndimadya, ndimadwala. Kafunseni chosadyacho."

Ndikukumba dzenje lokwiriramo nkhukuzo, netiweki inabwerera. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba, mauthenga adzulo akulowa motsatizana: kwatentha, kwatentha, kwatentha. Ana a alamu anaseka mpaka kugwa. Ku ukwati mayi awo sanabwere.

Inu owerenga, chipangizo cholankhula pokhapokha pakagwa vuto chikakhala chete, simungadziwe ngati kuli mtendere kapena uthenga wathera m'njira. Uzani wokuikirani kuti chizikupatsani moni nthawi ndi nthawi ngakhale kuli bwino, moniyo akasowa muthamangireko. Chizithanso kuyatsa chokha mafani chikaona kuti simukuyankha. Koposa zonse, musamulande makiyi munthu amene ali ndi makutu pafupi ndi khola. Ine makiyi ndinakabweza, koma mpaka lero akulendewera pa msomali pamene ndinawasiya.