Ampu Imene Ndinati Ndinataya

Migodi itagulitsidwa, ntchito inatha, ndipo ndinangotsala ndi ampu yakale yokuzira mawu a gitala ya bandi yathu. Alamu anga anailiza kamodzi, n'kujambula kaliridwe kake m'kompyuta. "Alamu, mawu ake ndatenga. Chitsulochi katayeni."

Ndinkadziwa kuti ajambula ampu ikunong'ona. Ukali umene imatulutsa woimba akamenya gitala mwamphamvu, kompyutayo sinaumve. Ndinangoti zikomo.

Pa ukwati ku komboni ya Ndeke alamuwo anabwera kudzaimba ndi kompyuta yawoyo. Gitala inalira ngati udzudzu, ovina n'kukhala pansi. Alamu anandithamangira thukuta lili kamukamu. "Alamu, ampu ija!"

"Ndinataya, monga munanenera."

Inali kunyumba, nditaifunditsa nsalu. Mkwatibwi anali mwana wa mlongo wanga, koma ndisaname, mpunga wa tsikulo ndinaumva kukoma kwabasi.