Liwu la Mkazi Wanga pa Kiyi Imodzi

Mkazi wanga ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya tchalitchi chathu ku Malengachanzi. Tinalibe limba. Tonse tikaimirira, iwo ankatseka pakamwa n'kung'ung'udza liwu limodzi lalitali, ndipo aliyense ankapezera mawu ake pamenepo, ife a besi pansi pake, a alito pambali pake. Anamwalira patangopita chaka chichitikire chisankho choyamba cha zipani zambiri, mpunga uli pafupi kucha.

Mawu awo anatsala pa kaseti imodzi yokha, imene mphunzitsi wina anatijambula ndi wayilesi yake pa msonkhano wa makwaya. Koma kwathu kunyanja chinyontho sichisiya kanthu. Kaseti ija inayamba kuchita chuku m'mbali, ndipo nyimbo zinayamba kugwedera ngati oimbawo ali m'bwato. Tsiku lina wayilesi inatafuna tepi. Ndinaisolola pang'onopang'ono, n'kuikulungiranso m'kati ndi pensulo, ndipo kuyambira pamenepo ndinaleka kuiliza. Ndinkadziwa kuti ikadzalira kamodzi kapena kawiri, liwu la mkazi wanga lidzathera pomwepo.

Malemuwo anali ndi mlongo wawo wamng'ono, kalaliki pa kampani ya shuga ku Dwangwa, munthu wosatha kukhala chete. Anagula kompyuta yakale ndi kiyibodi yoimbira nyimbo kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo masiku amenewo, pamene aliyense ankafuna kutulutsa kaseti yake, makwaya ndi oimba nyimbo za zipani ankapezeka pakhonde pake Loweruka lililonse. Atabwera kudzationa, anapeza kaseti ija ndaikulunga m'nsalu pamwamba pa kabati.

"Alamu, mukusunga kaseti kapena mukuumika nthochi?" anandifunsa. "Bwerani nayo ku Dwangwa. Ndikaika mawu a achemwali m'kompyuta, chuku sichifikamo."

Sindinavomere tsiku lomwelo. Zovala ndi ziwiya za malemu zinapita kwa abale awo pa tsiku londisudzula, monga mwa mwambo, ndipo ndinaona kuti liwu nalonso si langa ndekha. Ndinapita kukauza mkulu wawo, mayi wa mawu ochepa amene anaimba alito pambali pa mng'ono wawoyo kuyambira ali atsikana. Anandimvetsera akupeta mpunga, kenako anati, "Ndipita nawo. Mwana uja amaseweretsa chilichonse."

Tinakwera minibasi m'mawa, kaseti ili m'thumba la malaya, dzanja langa lili pamwamba pake mpaka Dwangwa.

Mlamu wanga anayamba watisonyeza ntchito yake, pakuti sakanatha kudziletsa. Sankajambula nyimbo yathunthu ayi. Ankajambula kamawu kamodzi kamodzi: ng'oma kugunda kamodzi, chisekese kamodzi, kuwomba m'manja kamodzi, ngakhale kugogoda kwa nkhafi pa bwato. Kalikonse ankakadula bwinobwino kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukapatsa dzina lalifupi, n'kukaika m'gulu lake, zang'oma pazokha, za m'manja pazokha. Akatero ankauza kompyuta kuti kamawu aka kazikhala pa kiyi iyi ya kiyibodi, aka pa iyo. Anadina kiyi ina, ng'oma inalira. Anadina ina, tambala analira.

"Tambalanso amaimba kwaya?" anafunsa alamu aakaziwo.

"Ndi wa aneba, achemwali. Amafika nthawi yabwino kuposa a tenala."

Kenako anatiuza vuto. Kompyutayo inali ndi malo ochepa, ndipo pa kaseti ponse mkazi wanga ankamveka pamodzi ndi anthu ena. Pamene anali okha ndi poyambira pokha, pa kung'ung'udza kuja nyimbo isanayambe. Tinagwirizana kuti titenge pamenepo. Analumikiza wayilesi yake ku kompyuta ndi kachingwe, n'kuliza nyimbo yoyamba. Liwu lija linatuluka, lofooka koma lathunthu, ndipo pagalasi la kompyuta panaoneka kachithunzi konga tsamba la mpunga logona. Anati abweze kaseti kuti ajambulenso mwina zingamveke bwino koposa. Ili m'kati mobwerera tinamva kuti thaa. Tepi inaduka, ndipo mbali yoyambirira ija inali itafumbutuka m'kati mwa wayilesi. Panalibenso cholumikiza.

"Musadandaule, tawagwira kale," anatero, ngakhale ndinaona thukuta pamphuno pake.

Mwina pofuna kutisangalatsa, anachita zimene ankachita ndi mawu a gitala: anayala liwu limodzi lija pa makiyi onse. Akadina kumanja, mkazi wanga ankamveka ngati kamtsikana ka sukulu ya Sande. Akadina kumanzere, ankasanduka bambo wamkulu wotopa. Anaimba nawo kanyimbo ka ukwati, akuseka.

"Mwaona, alamu? Tsopano achemwali akhoza kuimba ndi besi yomwe. Inu ntchito yatha."

"Zimitsa," anatero alamu aakaziwo. "Mwa onsewa mulibe mng'ono wanga."

Ine sindinamukwiyire mlamu wangayo. Malemuwo anali mlongo wake, ndipo aliyense amalira maliro m'njira yake. Koma mayi aja ananena zoona. Mlamu wanga anadina kiyi yapakati, pamene anaika liwulo monga linachokera pa kaseti, ndipo ngakhale pamenepo silinali lawo kwenikweni. Linali lokwera pang'ono, lothina. Mlamu wanga anafotokoza kuti wayilesi ya mphunzitsi uja iyenera kuti inali ndi mabatire ofooka pojambula, ndiye ikalizidwa pa wayilesi ya magetsi imathamanga. Kiyi yotsatira kumanzere inali yotsika kwambiri. Mkazi wanga anali penapake pakati pa makiyi awiri, ndipo tikanalakwitsa, tikanasunga mlendo moyo wathu wonse.

"Kompyuta imatha kutsitsa pang'onopang'ono," anatero, tsopano osaseka. "Koma siidziwa poti iime. Muiuze ndinu."

Alamu aakaziwo anaimirira, n'kumanga bwino chitenje ngati tili m'tchalitchi. "Imirirani, alamu. Inu besi, ine alito. Nyimbo yomweyi tinaiimba zaka zonse, pakhosi pathu sipangaiwale."

Tinayamba tokha popanda kompyuta, mpaka mawu athu anakhala pamalo pamene ankakhala nthawi zonse. Kenako mlamu wanga anadina kiyi ija, n'kumatsitsa liwulo ndi kabatani kena pang'ono pang'ono. Poyamba linkalimbana nafe. Ine ndinafulumira kunena kuti basi lafika, chifukwa mtima wanga unkafuna kuti lifike. Mayi aja anapukusa mutu osaleka kuimba. Mlamu wanga anatsitsanso. Ndinamva kulimbana kuja kukuchepa, monga mafunde amachepera mwera ukamaleka. Tinapuma, tinayambanso. Mkazi wa mlamu wanga anabwera ndi tiyi, n'kuima pakhomo ndi thireyi m'manja osalowa.

Amene anaimitsa kutsitsako ndi mlamu wanga. Anachotsa chala pa kabatani kaja tisanamuuze, n'kukhala akuyang'ana khoma.

"Ndi awa," anatero. "Ndi mmene ankandiitanira ndikachedwa kosambira."

Alamu aakaziwo anadina okha kiyiyo ndi chala chimodzi, mwamantha ngati ikutentha. Anamvetsera mpaka liwu linatha, ndipo anakhala pansi n'kulandira tiyi. Kwa iwo kumeneko kunali kuvomera.

Ndinapempha chinthu chimodzi: kuti liwulo lichotsedwe pa makiyi ena onse, likhale pa imodzi yokhayo. Mlamu wanga anatero pomwepo. Anadina kumanja, zii. Anadina kumanzere, zii. Kenako anadula kachidutswa ka pulasitala wa pabala n'kumata pa kiyi ija kuti oimba obwera Loweruka asamaikhudze. Liwulo analisunganso pa madisiketi awiri a kompyuta, imodzi yake, ina anapatsa achemwali akewo, amene anaimanga pa ngodya ya chitenje ngakhale kwawo kunalibe magetsi.

"Nanga makiyi enawa azingokhala?" anandifunsa potiperekeza ku siteji. "Ndi malo ambiri, alamu. Ku Dwangwa kuno malo opanda kanthu timadzalapo nzimbe."

Ndinamuuza kuti aikepo zimene akufuna, bola asakhale mawu a munthu. Anaikapo ng'oma kumanzere, kuwomba m'manja kumanja. Tambala ndinamukana.

Kuyambira chaka chimenecho, ndikapita ku Dwangwa kukagulitsa mpunga ndinkadzera kwa mlamu wanga. Ankayatsa kompyuta, imene inkatenga nthawi kuti idzuke, n'kutuluka panja kukakangana ndi aneba za ndale. Ine ndinkavula chipewa, n'kudina kiyi ija kamodzi. Liwu likamveka ndinkalowa ndi besi yanga chapansipansi, n'kuimba ndime yoyamba mpaka kumapeto. Ndikatha ndinkamuitana kuti adzazimitse, pakuti kuzimitsa kwake sindinakuphunzire.