Alufeo ndi Khola la Atate Awo

Tsiku limene Kettie anakumana ndi Alufeo koyamba, nkhungu ya mwezi wa Juni inali itakuta mapiri a Dedza, mitengo ya paini ili ngati ikuyandama. Kettie anali namwino wa za maganizo pa kachipatala kena ka kumapiriko. M'chipinda mwake munalowa anthu awiri: mayi wa chitenje dzina lake Dorika, ndi mkulu wake wovala jekete yakutha m'zigongono. Dorika anakhala pa simenti. Winayo anakoka mpando.

"Awa ndi achemwali anga, a Filomena," anatero Dorika. "Mutu wawo wasokonekera."

"Ndine Alufeo," anatero a jeketewo motsitsa mawu, maso ali pawindo.

Alufeo anabadwa mwana wamkazi m'banja la Angoni ku Mphunzi, nabatizidwa Filomena, koma chiyambireni kuyenda ankadzidziwa kuti ndi mnyamata. Atate awo ankangopukusa mutu, n'kuwalola kuweta ng'ombe ndi kulowa m'khola, mmene mkazi saponda. Atatewo atatsikira kuli chete, abale anayamba kunena kuti ng'ombe zidzapoloza poti m'khola mukulowa mkazi. Anapangana kuti achipatala akangoti ndi misala, Alufeo apite ku Zomba, khola aliyang'anire ena.

Kettie anali asanaonepo munthu wotere. Chimene ankadziwa n'chakuti palibe muyeso woyezera ngati mtima wa munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Chimene akanatha kuyeza ndi mmene nzeru zikuyendera, tulo, mantha ndi chisoni.

"Mumamva mawu a anthu osaoneka?" anafunsa.

"Samamva," anayankha Dorika, poti kwathu kuno woperekeza wodwala ndiye amakhala pakamwa pake.

"Ndimamva a Dorika okha," anatero Alufeo, "ngakhale ali kudimba."

Kettie anatchula zinthu zingapo zoti Alufeo asunge m'mutu: mtondo, njinga, mchere, goli. Anawacheza zina, kenaka anati azitchulenso. Alufeo anangoti "njinga," n'kupuma pang'ono. Pamenepo Dorika anasendera pafupi, dzanja pakamwa.

"Mphika," ananong'oneza.

"Iwe," anatero Alufeo, "munalibe mphika m'menemo. Unali mtondo." Ndipo anamaliza zotsalazo osaphonya.

"Mayi," anatero Kettie, "mwabwera kudzandiuza kuti akudwala. Nanga mukuwaberanso mayeso?"

"Ndiye ndiwasiye achite manyazi pamaso pa alendo?" Dorika anakonza mpango wake, misozi ili lengelenge.

Ulendo wina Kettie anawapatsa pepala kuti ajambule munthu. Alufeo anajambula mwamuna wamtali, wowonda ngati zithunzi zakale za m'mapanga a kwawo, ataima pakati pa nyanga zambirimbiri.

"Ameneyu ndani?"

"Ndikamalota ndimakhala ameneyu. Ndikadzuka ndimakhalabe yemweyu, koma anthu amaitana wina."

Anabwera maulendo angapo, kufikira mapichesi atachita maluwa. Pomaliza Kettie anauza Dorika kuti nzeru za mkulu wake zinali zolongosoka, misala panalibe. Chinalipo ndi chisoni chowasowetsa tulo, ndipo chisonicho chinayamba pamene anamva zowachotsa kukhola.

"Nanga mankhwala oti abwerere ku chitenje?"

"Amenewo kulibe, mayi. Si nthenda."

Dorika anapotapota nsonga ya chitenje. Kenaka anadzuka, nati iye yemwe akawauza abalewo, ndipo akafuna kukangana akakangane naye. Kunali kung'ung'udza mpaka mvula inagwa, koma khola linatsala m'manja mwa Alufeo. Ng'ombe zinaswana monga ziswanira kwina kulikonse, chaka china bwino, chaka china ayi. Anthu ena anazolowera kunena kuti a Alufeo, ena anakana mpaka kumanda. Dorika yekha anatenga njira yakeyake: ankangoti "akuluwa."

Zaka zinapita. Kettie anapuma pa ntchito n'kukakhala ku Bembeke, imvi zili mbuu. Atamva kuti Alufeo miyendo yatupa, sakuthanso kuyenda, anakwera njinga yamoto kukawaona. Anafika m'mamawa, udzu udakali ndi mame. Anawapeza pakhonde atafunda bulangete, khutu atalozetsa kumene ng'ombe zinkalira.

"Zikundifunsa," anatero Alufeo. "Kuyambira Pasaka sizinandione."

Dorika, amene tsopano ankayendera ndodo, anaitana ana ake awiri, Godfrey ndi Dennis, amuna a ndevu zawo.

"Anyamuleni ndi mpando womwewo amalume anuwa. Bwinobwino, si thumba la mbatata limenelo."

Anawanyamula mpaka pakati pa khola. Kettie ndi Dorika anaima kunja kwa mpanda. Ng'ombe zinabwera imodziimodzi, mpweya wake ukufuka m'chisanu, kufikira Alufeo anangotsala chipewa chokha pakati pa misana yofiira ndi yakuda. Amayi awiriwo ankangomva mawu awo chapansipansi, akuitana iliyonse ndi dzina lake.