Chidutswa cha Mzere Wachikasu

A Jaffalie anayamba kupalasa kabaza msewu wa m'tauni ya Mangochi udakali ndi maenje otha kubisa mbuzi. Nyengo ankaidziwira pa katundu wa pakaliyala. Mwera ukamawomba ankanyamula amayi ofunda zitenje ziwiri, madengu ali opepuka chifukwa asodzi sanalowe m'nyanja. Chilimwe chinali cha usipa ndi mango. Dzinja linali la matumba a feteleza ndi ana otentha thupi opita kuchipatala.

Mwendo wawo wakumanzere unali ndi chipsera chochokera pabondo mpaka pakakolo. Lole ya chimanga inawakankhira m'ngalande chaka china, ndipo dalaivala sanaime. N'chifukwa chake pamene msewu unakonzedwa, n'kujambulidwa mzere wachikasu wopatula kanjira ka njinga m'mbali mwake, a Jaffalie anatsika panjinga n'kuugwira mzerewo ndi chala utoto usanaume. Kuyambira pamenepo malole anali kwawo, njinga kwawo. Anzawo a pasiteji ya kufupi ndi mlatho anawasankha kukhala tcheyamani.

Lamulo linabwera mu Okutobala, mitengo itayoyola masamba, phula likufewa masana. Linachokera ku likulu, kwa anthu amene palibe anawaonapo nkhope. Linati mzere ufufutidwe, msewu wonse ukhale wa galimoto, njinga zizidutsa njira za kuseri. Njira za kuserizo ndi mchenga wokhawokha. Tayala limatitimira, wokwera amatsika, ndipo mawa lake amaitana njinga yamoto.

Tauni inawira. Akabaza ndi amayi a nsomba anapita kukhonsolo, koma kalaliki anangotambasula manja.

"Zachokera kumwamba izi," anatero.

"Kumwamba kwake kuti?" anakuwa a Mwanabibi, ogulitsa usipa amene a Jaffalie ankawanyamula m'mawa uliwonse. "Akumwambawo abwera kudzandisenzera dengu?"

Sabata yotsatira kunafika galimoto itanyamula migolo ya phula ndi anyamata ovala zovala zantchito. Anayambira kumlatho, kupaka phula pamwamba pa mzere. Akabaza anasonkhana, njinga zili m'manja. Ndipo Latif, mnyamata wa pakamwa pakuthwa pasitejipo, analoza amene anali patsogolo ndi burashi.

"Atcheya, uyo si mkamwini wanu?"

Analidi Shafi, mwamuna wa mwana wawo Shakila. Ankakhala pakhomo pawo pomwepo, m'kanyumba ka kuseri. Anali atakhala nthawi yaitali wopanda ntchito, ndipo ataipeza anangouza mkazi wake kuti ndi ya msewu. Chikwatirireni, Shafi anali asanawayang'anepo apongozi ake m'maso. Akakumana panjira ankapatuka n'kunjuta mpaka adutse. Mawu ake onse ankadzera mwa Shakila.

"Madzulo akudya ndiwo zanu, m'mawa akukudulani miyendo," anatero Latif. "Galu ameneyu timumwetse phula lakelo!"

"Mthireni m'mutu!" anavomera ena. Mwala unagwa pafupi ndi mgolo. Wina unamenya galimoto.

Mtima wa a Jaffalie unali kuwawa ngati chipsera chawo nthawi yozizira. Anakankha njinga kudutsa pakati pa anthu, anaigoneka pansi, n'kukhala pamzere penipeni, patsogolo pa burashi ya Shafi. Anatambasula miyendo, chipsera chili poyera. Maso analoza kumlatho.

Miyala inaleka. Shafi anaima, kenako ananjuta, mutu uli pansi, phula likudontha pa burashi. Kuwalumpha sakanatha. Kuwauza kuti asunthe sakanatha.

Kapitawo wa ntchitoyo, a Jeffrey, anafika akupukuta thukuta pansi pa chisoti choyera.

"Iwe, waimiranji? Auze madalawa achoke."

"Bwana, ndi apongozi anga," anatero Shafi motsitsa.

"Ndiye? Apongozi ako ali papulani? Agwire mkono uwachotse."

"Sindingathe, bwana."

"Sungathe? Siya burashiyo uzipita. Mawa ndisakuone."

Shafi anaiika burashi pansi, anavula chovala chantchito, n'kuchoka chobwerera m'mbuyo kuti asawafulatire apongozi ake. Anthu anaimba mluzu. A Mwanabibi anakhala pansi nawonso, kenako Latif, kenako ena ambiri, mpaka mzere unabisika ndi matako a anthu. A Jeffrey anatukwana, n'kukakhala pamthunzi wa galimoto. Iwo analibe changu.

Dzuwa linakwera. Msewu unayamba kuwotcha kudutsa nsalu. Usipa wa a Mwanabibi unayamba kununkha, ndipo ananyamuka akudandaula. Basi ya ku Namwera inatsitsa anthu ndi katundu, akabaza awiri anathamangira, ena anawatsatira. Latif anati akukamwa madzi, sanabwerenso. Aliyense akadzuka, anyamata a phula aja ankafika ndi burashi n'kupaka pamene anakhalapo.

A Jaffalie anakhalabe. Phula linafika kumanja kwawo, linadumpha, linapitirira kumanzere. Azana yoitanira mapemphero a masana itamveka kumzikiti, anadzuka movutikira. Pansi panatsala chidutswa chachikasu chofanana ndi mphasa ya mwana. A Jeffrey anachiyang'ana, anaseka, n'kulamula kuti migolo ikwezedwe.

Kunyumba Shakila anawadikirira pakhomo, mwana wake Ajira ali kumsana. Sanagwade.

"Ababa, mwapambana?" anafunsa. "Mzere wapita. Ntchito ya bambo a Ajira yapita. Tikathyole chachikasu chanucho tiphike?"

"Akanamupha anthu aja," anatero a Jaffalie.

"Mukanawaletsa ndi pakamwa. Si inu atcheya? Munadziwa kuti sangakulumpheni. Munasankha iyeyo chifukwa ndi yekhayo amene amakuopani."

A Jaffalie analowetsa njinga m'nyumba.

Mvula yoyamba isanagwe, Shafi anamanga kachikwama kupita ku Chembe kukafuna malo m'boti la asodzi. Anakumana ndi apongozi ake pakanjira ka kuseri, iwo akukankha njinga mumchenga. Sanapatuke, sananjute. Anadutsa ali chiimire, phewa lake litatsala pang'ono kukhudza chiwongolero.

Tsopano ndi dzinja. Njira za kuseri zasanduka matope, ndipo a Jaffalie amakankha kwambiri kuposa kupalasa. A Mwanabibi amakwera njinga yamoto, akawaona amayang'ana kumbali. Pasiteji pakhala anthu ochepa, utcheya palibe akuufuna. Chidutswa chija chidakalipo kufupi ndi mlatho, matayala a malole akuchidetsa tsiku ndi tsiku. A Jaffalie akamadutsa wapansi amaima, amachipukuta ndi phazi, kenako amalavula malovu kumsewu.