Buku Langa la Masetilaiti Linathera pa Chiwaya

Mphoto imene ndinalandirapo m'moyo wanga ndi imodzi basi: buku la chikuto chobiriwira, nditapambana sayansi ndili Fomu 3. Linkanena za masetilaiti oyamba, timakina timene tinaponyedwa kumwamba kukayeza cheza choopsa chozinga dziko lapansi ngati malamba awiri. Ndinkakonda tsamba lofotokoza kuti kachipangizo kowerengera chezacho kanangoti zii katafika m'mwamba kwambiri. Akatswiri anayesa kafa. Ayi ndithu, cheza chinachuluka mpaka kanthuko kanatsamwa.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndimawotcherera mageti ku Bangwe kuno. Koma bukulo ndinalisunga m'sutikesi zaka zonsezi, kuti mwana wanga wamkazi akadzafika ku sekondale ndidzampatse m'manja.

Ndiye kunabwera mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, kuchokera ku Nsanje. Chipinda ndinampatsa. Chiwaya ndinamuwotcherera ndi manja angawa kuti azikazinga tchipisi pamsewu.

Loweruka lina masana ndinadutsa pamenepo.

"Alamu, talawani," anatero, nandikulungira tchipisi m'pepala poti majumbo analetsa.

Ndadya, ndadya, pansi pa mafuta ndi tsabola ndikungoona chithunzi cha dziko lapansi, malamba ake awiri uku ndi uku.

"Pepala ili mwalitenga kuti?"

"M'sutikesi muja. Achemwali anati ndi zakale."

"Zakale ndi agogo anu!"

"Iii alamu, komatu pepala lake ndi lolimba, silidontha. Makasitomala akuliyamikira."

Anthu anaseka. Wakabaza wina anati, "Biggy, ine setilaiti ndadya dzulo, m'mimba muli bwinobwino."

Ndinagwira chiwaya kuti ndichigubuduze, chinandiwotcha zala, ndinachisiya. Pansi pa tebulo ndinapeza zotsala: chikuto ndi masamba a kumapeto, a mndandanda wa mawu. Masabata awiri bambo ameneyu akung'amba, madzulo akudya nane mbale imodzi!

Kunyumba akazi anga anati, "Abambo, muthamangitse mchimwene wanga chifukwa cha mapepala?"

Ndinati inde, lero lomwe. Anati akachoka iyeyo, iwonso anyamuka, ndi mwana yemwe. Ndinakhala pakhonde ndi zala zamatuza, ndinameza mawu anga.

Mlamuyo adakali m'nyumba mwanga. Mwana ali Fomu 1 tsopano. Tsiku lina anandifunsa chimene chimagwira cheza chakumwamba chija kuti chisatigwere. Ndinati ndi maginito a dziko. Anafunsa kuti amachigwira bwanji. Ndinakanda mutu, za m'buku zija zinali zitandichoka. Ndinamuuza akafunse amalume ake.